Nsapato Zopanda Matope

Dasom analakalaka pansi patang'ambika kuti alowepo. Kalasi yonse inali itacheukira kwa iye, ena akuseka chamumtima, ena akunamizira kufunafuna zolembera m'zikwama.

Zonsezi zinayamba ndi phunziro la zachuma. Aphunzitsi a Gil, munthu wokonda manambala kuposa chakudya, anabwera ndi nyuzipepala ya m'mawa umenewo. Inalemba kuti mwa anthu zana limodzi, atatu okha ndi amene anali malova, ndiponso kuti eni mafakitale a mumzinda wawo wa Changwon anali kulira kuti antchito akusowa. Aphunzitsiwo anafotokoza kuti zikafika pamenepa, akatswiri amati ntchito zakwanira. Anati sizitanthauza kuti aliyense ali pantchito ayi, pakuti nthawi zonse pamakhala ena amene angosiya kwina ndipo akulowera kwina. Zimangotanthauza kuti wofuna ntchito sachedwa kuipeza. Anali ndi zina zoti awonjezere, koma Uchan, mnyamata amene pakamwa pake panalibe chitseko, anali atakweza kale mkono.

"Ndiye kuti amene alibe ntchito pano ndi ulesi basi, eti aphunzitsi? Ngati aja amangokhalira kukwera phiri tsiku ndi tsiku aja?"

Dzina sanatchule, koma dzina linali la chiyani? Ndani m'kalasimo sankadziwa jekete lofiira la bambo ake a Dasom? Aphunzitsi anamudzudzula Uchan, belu n'kulira, phunziro n'kuthera pomwepo. Chomwe chinamupweteka kwambiri Dasom si chipongwe cha Uchan, koma kuti iye mwini, mumtima mwake, ankagwirizana naye.

Bambo ake, a Tak Mansu, anagwira ntchito yowotcherera zitsulo kwa zaka makumi awiri ndi zinayi pafakitale ina yopanga zipangizo za galimoto. Mu Febuluwale fakitaleyo inaika makina owotcherera okha, ndipo amuna odalira manja anapatsidwa makalata oti azipita kwawo. Chiyambire pamenepo, m'mawa uliwonse a Tak ankavala jekete lofiira lija, kubereka chikwama, kumanga nsapato zikuluzikulu zokwerera mapiri, n'kunena mawu amodzimodzi ali pakhomo: "Ndapita kuphiri." Ankabwerako dzuwa litapendeka. Pamene iwo ankapuma mphepo yabwino kumeneko, mayi ake a Dasom ankaimirira tsiku lonse m'khitchini ya malo odyera a pafupi ndi msika, n'kubwera miyendo itatupa. Dasom zinkamuwawa kwabasi. Anasiya kucheza ndi bambo ake. Anasiyanso ngakhale kudikira kuti iwo ayambe kunyamula supuni pachakudya, mwambo umene ngakhale mwana wa kumkaka amaudziwa. Bambo ake ankaona, koma sankanena kanthu.

Madzulo a tsiku lomwelo, Lachiwiri, mvula ikukhuthuka monga ichitira mu Julayi, belu la pakhomo linalira. Dasom anali yekha m'nyumba. Atatsegula anapeza Mayi Pyo akupuma mwawefuwefu, madzi akuchucha m'jasi lawo lachikasu.

Mayi Pyo anali a ku ofesi ya kalembera. Nyumba ya a Tak inali imodzi mwa nyumba zosankhidwa pakafukufuku wa boma, choncho mwezi uliwonse, sabata yotsatira tsiku la 15, iwo ankabwera kudzafunsa za ntchito za anthu a m'banjamo. Anali mayi wamfupi, wa imvi zochepa, koma munthu wolimba ngati amene uja ndi wosowa. Nyumba zosanjikizana za m'dera limenelo zinalibe chikepe, ndipo iwo ankakwera masitepe onsewo ndi mawondo a zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Anatsekeredwapo zitseko pamaso, analumidwapo ndi kagalu ka munthu wina, koma mwezi wotsatira ankabweranso pakhomo pomwepo, n'kufunsa kaye za moyo wa kagaluko. Tabuleti yawo ankaikulunga m'pulasitiki mosamala kuposa mmene ankadzisamalira okha.

Anavula nsapato, n'kukhala pansi pafupi ndi kathebulo. Dasom anawapatsa tiyi wa balere. Za mayi ake anayankha mosavuta: anagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi sabata yathayo. Atafika pa bambo ake, mkwiyo wa kusukulu uja unabwereranso.

"Akupuma. Lembani kuti akupuma, azakhali. Kapena mungolemba kuti ndi lova, ndi chimodzimodzi."

Mayi Pyo anatsitsa tabuleti ija n'kumuyang'ana.

"Si chimodzimodzi, mwanawe. Kumsika mungasakanize mawu awiriwo mmene mungafunire, koma muno ayi."

Anatambasula zala zitatu zonenepa n'kumazipinda chimodzichimodzi. Anati kuti munthu alembedwe kuti ndi lova, choyamba akhale kuti sanagwire ntchito yolipidwa sabata yathayo, ngakhale ya ola limodzi. Chachiwiri, akhale kuti m'masabata anayi apitawo wakhala akufunafuna ntchito, osati kungoilakalaka ali chigonere. Chachitatu, akhale kuti ataitanidwa mawa akhoza kuyamba. Woperewera chimodzi mwa ziwiri zomalizazo, amene wangonena kuti akupuma, amaikidwa pambali. Sali m'gulu la ogwira ntchito, salinso m'gulu la osowa ntchito.

"M'kaundula wanga, lova si waulesi," anatero Mayi Pyo. "Lova ndi munthu amene ali pamsewu, akugogoda. Waulesi sangakwanitse ulova."

Dasom anakumbukira nyuzipepala ya aphunzitsi a Gil. Anafunsa ngati bambo ake anali mmodzi mwa atatu aja. Mayi Pyo anapukusa mutu. Miyezi isanu yonseyo a Tak ankayankha okha kuti akupuma, ndipo iwo ankalemba zimene auzidwa, pakuti lamulo la ntchito yawo silinkalola kuwonjezera kapena kuchotsera mawu a munthu. Choncho a Tak sanali mwa atatuwo, sanalinso ngakhale mwa zana lija.

Kenaka anati lero salemba kanthu za bambowo, chifukwa Dasom anali atawapatsa mayankho awiri pamene malo analipo a yankho limodzi. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Abweranso Lachisanu, tsiku lomaliza lotumizira mayankho, kuti adzamve kwa eni ake. Masitepe makumi asanu ndi atatu chifukwa cha liwu limodzi! Dasom anaona ngati ndi misala, koma mayiwo sanaone chachilendo.

Povala nsapato pakhomo, Mayi Pyo anapepesa chifukwa cha matope amene zinasiya pamatailosi.

"Taona, ine ndangoyenda m'tauni muno koma matope onsewa. Bambo ako okha ndi amene anapeza phiri lokolopa. Mwezi watha ndinaona nsapato zawo apa zili mbee, ngati zangochoka m'sitolo."

Kaya anangolankhula, kaya anachita dala, ndani angadziwe? Anatsika masitepe akung'ung'udza kanyimbo.

A Tak atabwera, Dasom ananamizira kukolopa pakhomo. Nsapato zawo zinali zonyowa ndithu, koma pansi pake panalibe thope, panalibe tsamba, ngakhale kamwala kotsakamira. Mvula inali itagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza. Lachitatu anayang'ananso, n'kupeza chimodzimodzi.

Lachinayi kusukulu kunali tchuthi chokumbukira tsiku limene sukuluyo inatsegulidwa. A Tak atangonena kuti apita kuphiri, Dasom anavala chophimba kukamwa, n'kutenga ambulera ya mayi ake, n'kuwatsatira chapatali. Jekete lofiira silivuta kulondola. Basi yopita kuphiri inabwera, n'kuima, n'kunyamuka, iwo ali chiimire. Anakwera yotsatira, yodzaza ndi anthu a mayunifolomu, ndipo Dasom anadzipanikiza kumbuyo kwa mayi wina wonenepa. Ankaganiza zoipa zonse zimene mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi angaganize: mowa, juga, mwinanso mkazi wina.

Anatsikira padepoti yaikulu, ndipo a Tak analowa m'chimbudzi cha amuna. Dasom anadikira kuseri kwa chipilala. Patapita mphindi khumi anatsala pang'ono kuwaphonya, chifukwa ankayembekezera jekete lofiira. Amene anatuluka anali bambo wa malaya oyera ositidwa bwino, thalauza lakuda ndi nsapato zakuda, tsitsi atalipesa ndi madzi, m'manja muli envelopu yaikulu. Chikwama chokha ndi chimene chinali chomwe chija.

Anayenda wapansi kulowera kudera la mafakitale. Pachipata choyamba panali chinsalu chachikulu cholembedwa kuti akufuna antchito. Dasom anaima tsidya lina la msewu, pansi pa kadenga kodikirirapo basi. Anaona bambo ake akuweramira mnyamata wa kadi pakhosi amene akanatha kukhala mwana wawo, n'kumupatsa pepala ndi manja awiri. Phokoso la malole linkameza mawu ambiri, koma ena anamufika. Mnyamatayo anafunsa ngati amadziwa kulamula makina pakompyuta. A Tak anati angaphunzire, n'kutambasula manja awo a zipsera, kunena kuti manja amenewa amadziwa chitsulo. Mnyamatayo anafunsa zaka zawo. Atamva, anabweza pepalalo mwaulemu ndithu, nayenso ndi manja awiri. A Tak anaweramanso, anathokoza, n'kupukuta pepalalo pamalaya lisanalowe mu envelopu.

Pachipata chachiwiri mlonda sanatuluke n'komwe m'kanyumba kake. Pachachitatu anawalowetsa, ndipo Dasom anapemphera kwa aliyense amene angamve. Anatuluka patapita theka la ola. Dasom ataona mmene anaimira kaye pamsewu n'kuyang'ana kumwamba, anadziwa yankho.

Masana a Tak anakakhala pansi pa mlatho wa sitima pomwe mvula sinkafika. Sanali okha. Panali amuna ena anayi, onse a malaya oyera, onse ndi zikwama zokwerera mapiri. Anatulutsa gimbap wawo, mpunga wokulunga m'masamba a m'nyanja, n'kumagawana, akuuzana kuti chipata chakuti musataye nthawi, chakuti yesani Lolemba. Wina wadazi anafunsa a Tak kuti lero kuphiri mphepo ili bwanji, onse n'kufa nako kuseka. Dasom sanathe kupirira. Anabwerera kudepoti akulira poyera, osasamala za omuona. Miyezi isanu yathunthu ankadya pamaso pa munthu ameneyu ngati palibe munthu. Manyazi amene anamva m'kalasi muja anali aang'ono poyerekeza ndi awa.

Usiku wonse nkhani inali imodzi m'mutu mwake: mawa Mayi Pyo abwera, bambo ake anenanso kuti akupuma, ndipo zipata zonse zija zifafanizika ngati sanapondepo.

Lachisanu Mayi Pyo anafika dzuwa lisanalowe. Linali tsiku lopuma la mayi ake a Dasom, choncho onse analipo. A Tak anali atangofika, jekete lofiira likadali pathupi. Atalonjerana ndi kudandaula za mvula, Mayi Pyo anavundukula tabuleti yawo n'kufunsa funso lija la mwezi ndi mwezi: kodi sabata yathayi bambo a Dasom ankachita chiyani makamaka?

A Tak anaseka kaseko kawo ka masiku onse.

"Kupuma, mayi, monga kale. Munthu wakhala pamoto zaka makumi awiri ndi zinayi, asapume?"

Chala cha Mayi Pyo chinanyamuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane Dasom, sanatsutse, sanakhosomole n'komwe. Anali okonzeka kulemba zimene auzidwa.

"Sanapume."

Mawuwo anatuluka aang'ono m'kamwa mwa Dasom, koma onse anawamva. Dasom anasendera n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, ndinakutsatirani dzulo. Ndinaona zipata zitatu. Ndinaona ndi pamlatho pomwe. Mundikhululukire."

Nkhope ya a Tak inafiira mpaka m'makutu. Dasom anaganiza kuti amukalipira, ndipo akanakonda atatero. Koma iwo anangoyang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Ndinkati bola uzindiona ngati munthu amene wasankha kukhala," anatero potsiriza, "kusiyana n'kuti uzindiona ngati munthu amene akukanidwa tsiku lililonse. Wokanidwa amanunkha, mwanangu."

Amene anayankha anali Mayi Pyo, ndipo analankhula modekha, ngati akufotokoza njira yopita kumsika. Anati iwo sangagogode nyumba zonse za m'dziko, n'chifukwa chake nyumba iliyonse yosankhidwa imaimira nyumba zina mazana angapo. Yankho la a Tak silinali lawo okha. Akati akupuma, amuna mazanamazana onga iwo amasowa nawo limodzi m'chiwerengero. Ndiye amene amakonza maphunziro a ntchito zatsopano akayang'ana nambala ija amati zonse zili bwino, ntchito zakwanira, n'kutseka mafayelo awo. Mafakitale akulira kuti akusowa anthu, anthu akulira kuti akusowa mafakitale, koma papepala kulira kumamveka kwa mbali imodzi yokha.

"Ine ntchito sindingakupezereni, bambo a Dasom. Ndilibe mphamvu zimenezo. Mphamvu yanga ndi imodzi basi: kukuwerengani. Koma sindingakuwerengeni ngati inu simukufuna."

A Tak anavula jekete lofiira lija, analipinda bwinobwino, n'kuliika pambali. Anawongola msana monga ankachitira pojambulitsa chithunzi kufakitale.

"Funsaninso, mayi."

Mayi Pyo anafunsa mafunso atatu aja, limodzi ndi limodzi, osathamanga. Kodi anagwira ntchito yolipidwa sabata yathayo, ngakhale ola limodzi? Ayi. Kodi m'masabata anayi apitawa anafunafuna ntchito? Inde. Kodi ataitanidwa akhoza kuyamba? A Tak anati ngakhale usiku womwe uno. Ndipo popanda wowafunsa anawonjezera kuti chiyambire Febuluwale zipata zinali zitakwana makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu.

Mayi Pyo anati malo olembapo zimenezo palibe, koma amva.

"Ndipo malaya oyerawo mumayesa amadzisita okha?" anatero mayi ake a Dasom, amene nthawi yonseyi anali phee pakona. "Ine ndimasita iwe ukadali m'tulo. Bambo akowa anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Amuna awa! Kubisa mpaka thukuta lawo lomwe."

Onse anaseka, ngakhale Dasom amene misozi inali isanaume. Chala cha Mayi Pyo chinatsika n'kudina. Anakulunga tabuleti m'pulasitiki, anakana kudya nawo chifukwa kunali kudakali nyumba ziwiri, n'kuweramira a Tak mozama kuposa masiku onse. Dasom anawaperekeza mpaka pamasitepe, n'kuwafunsa ngati ankadziwa kuyambira kale. Mayiwo anati iwo sadziwa kanthu, amangofunsa mafunso ndi kuvula nsapato m'makomo a anthu.

Pachakudya chamadzulo Dasom anakhala manja ali pamiyendo. Msuzi unali kutuluka nthunzi, njala inali itamugwira, koma sanakhudze kanthu. A Tak anazindikira patapita kanthawi. Anayang'ana mwana wawo, n'kunyamula supuni.

Lolemba m'mawa Dasom ndi bambo ake anatsika masitepe limodzi. A Tak anali atavala malaya oyera kuchokera m'nyumba momwemo, envelopu ili m'manja, kumapazi kuli nsapato zakuda zimene Dasom anazipolisha mpaka zikuwala. Poimira basi anakumana ndi Uchan. Mnyamatayo anawerama mwamanyazi, maso ali pamalaya aja, ndipo basi ya kumafakitale itanyamuka anafunsa monong'ona ngati bambo akewo apeza ntchito.

"Ayi, sanaipeze," anatero Dasom, osatsitsa mawu. "Bambo anga ndi lova. Ukafunse aphunzitsi a Gil zimene munthu amayenera kuchita kuti atchedwe choncho, uone ngati iwe ungakwanitse sabata imodzi."

Uchan anagwetsa maso pansi, n'kunamizira kufunafuna kanthu m'chikwama.

Kunyumba, nsapato zokwerera mapiri zinatsala pakhomo zili matope okhaokha mpaka m'zingwe. Dzulo lake, Lamulungu, bambo ndi mwana anali atakwera phiri lija awiriwiri, ndipo a Tak anasochera kawiri konse, pakuti njira yake sankaidziwa.